Chomwe Chinadya Simenti ya a Bonifasi

A Bonifasi ndi asuweni anga, mwana wa amalume, choncho ndili ndi ufulu wowanena mmene ndifunira, ndipo akamva azingoseka. Munthu ameneyu sindikhulupirira ngati anaonapo nyenyezi chibadwire. Sikuti maso ndi ovuta ayi, koma amakhalira kuyang'ana pansi. Mukawalandira m'nyumba mwanu, inu mukuti muli bwanji, iwo akupereka moni kwa simenti yanu. Amayamba aikhula ndi chidendene, kenaka n'kunjuta n'kuisisita ndi chikhatho, ndipo akatero m'pamene amakumbukira kuti m'nyumbamo muli anthu.

Tinakulira limodzi kuno kumtunda kwa Bembeke, kumene chisanu cha mu Juni chimaluma makutu. Sukulu anaisiyira panjira n'kupita kukacheka matabwa a paini ku Phiri la Dedza, koma nkhungu yakumeneko inawatopetsa. Atamva kuti womanga wina akufuna anthu oponda matope a simenti ku Lilongwe, anakwera lole osatsazika n'komwe. Anakhalako zaka zambiri ndithu. Pobwerera anali ndi chipande chachitsulo, levulo yoonera ngati pansi pawongoka, mawondo olira akamadzuka, ndi luso loika simenti pansi loti kuno kwathu kunalibe wina wofanana nawo. Ine ndimawauza pamaso kuti asuweni, ukaipa dziwa nyimbo, chifukwa nkhopeyo Mulungu anaiumba akuthamangira kwina. Koma pansi pamene asalaza iwo, abale inu, mumadzionera mano.

Ndiye ali ndi khalidwe lina lotopetsa. Akalowa m'golosale amamuuza mwini wake pamene amakonda kuima, poona pamene simenti yaperepeseka. Kwanga anandionetsa kanjira kotuwa kochokera kuchipinda cha ana kukafika pakabati ya shuga, ndipo anawo anaulula tsiku lomwelo. Ukawafunsa kuti adziwa bwanji, wadziputira ulaliki. Amati phazi palokha silidya simenti, ngakhale madzi saidya. Chimene chimadya ndi kamchenga kamene kamatsakamira pakati pa phazi ndi simentiyo. Kamchengako n'kolimba kuposa khungu la pamwamba pa simenti, ndiye munthu akakaponda n'kukakoka, kamalemba kamzere kochepa kuposa tsitsi. Mawa kamzere kena, mkuja kena. Choyamba kumachoka kuwala, kenaka mtundu, kenaka mchenga wa m'kati mwa simenti momwemo umayamba kusosoka, nawonso n'kuyamba kudya pamene unachokera. Amati ndi mmene khasu limafupikira m'munda popanda wolidula. N'chifukwa chake aliyense amene amuikira simenti amamusiyira malamulo: sesani musanakolope, yalani thumba pakhomo, nsapato za kumunda zitsale panja.

Malamulo amenewa anawalalikira kuyambira ku Bembeke mpaka ku Chimbiya, m'maminibasi, pamaliro, ngakhale pamzere wa kuchigayo. Malo amodzi okha amene sanalalikireko ndi kunyumba kwawo. Amuna inu! Kwa alendo pakamwa mbee, kunyumba duu. Komanso anakalalikira za chiyani, poti nyumba ya mmisiri wa simenti inali yozira? Chaka chilichonse ankati chaka chamawa. Akazi awo, a Filomena, amake Pilira, ankangoizira ndi dothi lakuda n'kuikhula ndi mwala wosalala mpaka pansi kuchita kunyezimira. Mayi ameneyu, mlamu wanga, ndi waukhondo woopsa. Mapoto ake amawakwecha ndi mchenga wa kumtsinje mpaka akaayanika pathandala odutsa amatsinzina. Kwa iye chinthu chikada, mankhwala ake ndi mchenga ndi mphamvu za mkono, ndipo palibe tsiku limene nzeru imeneyi inamunamizapo.

Tsono akhristu a kuno tinamanga tchalitchi chathu chaching'ono, nthambi ya parishi, kuti nkhalamba zileke kuyenda mtunda wautali Lamulungu. Njerwa tinaumba tokha, ndipo mphakati uliwonse, kagulu ka akhristu oyandikana nyumba, unasonkha matumba a simenti. Zoika pansi panalibe kukambirana, aliyense ankadziwa mwini wake. A Bonifasi ananena kuti agwira ngati chopereka chawo kwa Mulungu. Anasefa mchenga okha, anasakaniza okha, ndipo pamwamba anaikapo khungu la simenti yosakaniza ndi ufa wofiira uja amati okusaidi. Anasalaza chogwada mpaka mawondo kutupa. Atamaliza anatseka chitseko, n'kumathira madzi m'mawa uliwonse kuti iume pang'onopang'ono, ndipo aliyense wosuzumira pawindo ankathamangitsidwa ngati nkhuku.

Tsiku lotsegulira, ine ndinalira, sindibisa. Chitseko chitangotseguka anthu anaima pakhomo, osafuna kuponda. Pansi ponse psuu, kuwala ngati pathiridwa madzi, mawindo kumaoneka pansi ngati pagalasi. Amayi anavula nsapato popanda wowauza. Bambo mfumu polowa anaterereka pang'ono n'kugwira phewa la akatekisiti, tchalitchi chonse kuseka, iwonso kuseka. Nthungululu zinalira mpaka mbalame kuthawa padenga. Amake Pilira anavina kutsogolo kwa kwaya, chitenje chatsopano, chibwano m'mwamba, kuti aliyense adziwe kuti mwamuna ameneyu ndi wa yani. Ine ndinawanong'oneza kuti mkazi mnzanga, musaiwale kuti ndinakusiyirani dala.

Dzinja litadutsa, zinthu zinayamba kusintha. Kutsogolo kufupi ndi guwa kuwala kunazilala. Kenaka kufiira kunayamba kuchita mawangamawanga, kenaka panatulukira zigamba zotuwa, zokhakhala ngati lilime la ng'ombe. Anthu akagwada ankadzuka ndi fumbi m'mawondo. Sabata iliyonse zigambazo zinkakula, ndipo m'mene tinkakumba mbatata ya kachewere, kutsogolo konse kunali kutatuwa.

Anthu sasowa chonena. Anayamba ndi kunong'ona kuti simenti inachepa, mchenga unachuluka. Kenaka anati nanga matumba tinasonkha aja anapita kuti? Kenaka wina anati anamva kwa wina amene anamva kwa mlamu wake kuti a Bonifasi anaoneka ku Chimbiya ndi matumba panjinga. Zakandimverere zokhazokha! Ine ndimagulitsa kachewere ndi kabichi pamsewu, ndiye zonse zimandipeza pomwepo. Tsiku lina Jesinta, amene amayala tomato pafupi nane, ananena mokweza kuti chopereka cha anthu ena chimabwerera kunyumba usiku. Ndinamuponya kabichi. Ndinaphonya, koma anamva uthenga.

Zinafika poipa. Munthu wina wa kutsidya amene anawaitana kuti akamuikire simenti anatumiza mawu kuti ayambe aima kaye. Pamaliro amuna ankasuntha pang'ono iwo akakhala. Mapeto ake a Godfrey, apampando a komiti ya tchalitchi, munthu wosakonda phokoso koma wosabweza mawu, anawauza kuti Lamulungu likudzalo tikatha mapemphero adzaime pamaso pa mpingo afotokoze kumene kunapita simenti. Akalephera, ntchito zonse za tchalitchi asadzazikhudzenso. Tonse tinkadziwa tanthauzo lake. Mmisiri amene watchedwa wakuba m'nyumba ya Mulungu, ndani angamupatsenso thumba la simenti? Dzina limene analisalaza ndi mawondo moyo wawo wonse linali litatsala pang'ono kutha.

Lachisanu masana ndinangoona munthu akubwera chothamanga pamsika, chipewa m'manja, maso ali gwa. Anandigwira dzanja kuti asuweni tiyeni, siyani mbatatazo. Ndinamusiyira Jesinta yemweyo kuti andionere, poti mkangano wa pamsika sugona. Tinakwera chitunda mpaka kutchalitchi, ine wefuwefu, iwo akungolankhula okha.

Anandiimika pakhomo n'kundiuza kuti ndiyang'ane pansi. Panali pofiira bwinobwino, timizere pang'ono chabe tolowa ndi kutuluka. Anati apa m'pamene mapazi onse a mpingo amadutsa, ndi matope awo ndi mchenga wawo, ndiye simenti ikanakhala yonyenga pakanayamba kufumbutuka ndi pano. Kenaka anandikokera kutsogolo, n'kusuntha benchi. Pansi pa benchi, pamene sipafika phazi la munthu, panali potuwa. Pakona kuseri kwa guwa, potuwa. Anandigwaditsa, inetu ndi msana wangawu, kuti ndiyang'ane chopendeka kumene kukuchokera dzuwa. Ndinaziona! Mizere yambirimbiri, koma yosawongoka ngati ya pakhomo ija. Inali yokhota ngati uta, ina pamwamba pa inzake. A Bonifasi anagwada pakati pake n'kutambasula dzanja uku ndi uku, ndipo dzanjalo linkayenda ndendende m'mizeremo.

"Ili si phazi, asuweni," anatero. "Uwu ndi mkono. Pali munthu akugwada pano n'kumakhula ndi mchenga."

Magazi anga anawira. Ndinayamba kutchula maina a amisiri onse ansanje a dera lino, ena oti anasamuka kalekale. Iwo anati tisatchule munthu, timugwire. Loweruka m'mawa amayi a mphakati umene uli pantchito amasesa n'kukolopa, ndipo amakhala ambiri, sangachite zoterozo osaonana. Ndiye mdaniyo ayenera kuti amabwera iwo akachoka. Tinapangana kuti mawa masana tikabisale m'kachipinda kovalira ansembe, kamene chitseko chake chili ndi mng'alu.

Ndinafika ndi ndodo ya mtengo wa pichesi. Tinadzipanikiza m'kachipindako, fungo la makandulo lili guu. Ndinkayeserera m'mutu mawu amene ndimulalatire. Dzuwa litapendeka tinamva kiyi akulira pachitseko chachikulu. A Bonifasi anaika diso pamng'alu, ine ndinaika langa m'munsi mwawo.

Analowa amake Pilira. Kiyi anali naye poti ndi amene amachapa nsalu za paguwa. Pamutu beseni, m'manja ndowa. Ine ndinapumira m'mwamba, ndinati tadikira pachabe, mdani aona kuti muli munthu abwerera. Koma mayi uja anatula beseni, anagwada moyang'ana guwa n'kuchita chizindikiro cha mtanda, anakwinya chitenje, n'kutapa m'besenimo. Mchenga wa kumtsinje, wosefa bwino, uja wa mapoto. Anauwaza pansi, anadontheza madzi, anapinda chigamba cha thumba la feteleza, n'kuyamba. Khwe, khwe, khwe, thupi lonse likupita uku ndi uku. Ankaimba nyimbo ya Maria chapansipansi, ndipo ikaduka ankalankhula ndi simentiyo ngati akunyengerera mwana wodwala. Ankaiuza kuti iwale ngati kale, iwale msanga mawa lisanafike, anthu aleke kunena bambo a Pilira. Akakhula, ankatsukuluza, n'kufinyira madzi ofiira m'ndowa, n'kutuluka nawo kukataya kuseri, n'kubweranso.

Ndodo inandigwa m'manja. A Bonifasi anandifinya mkono mpaka ndinamva kuwawa, kundiletsa kutuluka. Tinakhala momwemo mpaka mayiyo anatopa, anayang'ana pansi paja potuwa kuposa mmene anapapezera, anapukuta misozi ndi mkono, n'kutseka chitseko.

Khoswe anali atakhala pamkhate. Titatuluka ndinawauza a Bonifasi kuti basi, nkhani yatha, mawa mukangonena zoona dzina lanu layera. Anakana. Anati mayiyu anayamba n'kufuna kuchotsa matope a dzinja kuti ntchito ya mwamuna wake isade, ndipo itayamba kuzilala anaonjeza mphamvu, anthu atayamba kunena anaonjezanso. Akadziwa kuti ndi manja ake amene abweretsa zonsezi, adzadzukanso? Nanga kumtsinje, kuchigayo, azikamutcha chiyani? Anatinso wolakwa ndi iwo, amene anaphunzitsa dziko lonse n'kusiya m'nyumba mwawo. Ndinawatukwana, ndinawatcha chitsiru cha mapazi awiri, ndinawakumbutsa kuti Pilira adzakwatiwa ngati mwana wa mbala. Sanasunthe.

"Dzina la wakuba ndilisenza ine," anatero. "Iye asadziwe. Lumbirani, asuweni."

Ndinalumbira ndi pakamwa pokha, mtima sunalumbire nawo. Ndipo musayembekeze kuti ndipepesa. Mkazi mnzanga si mwana woti azimubisira moto umene wayatsa yekha, pamene ukupsereza nyumba yake. Lamulungu m'mawa ndinamudikira panjira ya m'munda wa nandolo, amuna atatsogola. Ndinamuuza zonse, za mchenga, za mizere, za kachipinda, ndi zimene mwamuna wake akufuna kukachita. Anaima chilili, buku la nyimbo lili pachifuwa. Anandifunsa kamodzi kokha ngati ndikunena zoona kuti mchenga umadya simenti. Nditavomera anatembenuka n'kupitiriza ulendo. Tinayenda mpaka kutchalitchi, ine ndikuopa kuti mwina ndaphetsa munthu.

Tsiku limenelo kunadzaza ngati pa Pasaka. Anabwera ndi aja amene amangoonekera pa ubatizo wa ana awo. Akatekisiti atatseka mapemphero palibe anatuluka. A Godfrey anaima, anafotokoza nkhani mwaulemu, n'kuitana a Bonifasi. Asuweni anga anapita kutsogolo n'kuima pa chigamba chotuwa chenichenicho. Ananena kuti alibe mawu ambiri, ntchito inali m'manja mwawo ndipo yaonongeka, adzaikonza okha, ndipo chimene mpingo ugamule achilandira. A Godfrey anawafunsanso kuti funso ndi lakuti simenti inapita kuti. Iwo anangoweramitsa mutu. M'tchalitchi munadzuka chinong'onong'o ngati njuchi, ndipo kumbuyo wina ananena momveka kuti wavomera.

Pamenepo kumbali ya amayi kunaimirira munthu. Amake Pilira, amene chikwatiwire sindinawamvepo akulankhula pagulu. Anawomba m'manja mwaulemu kupempha apampando, mawu akumveka mpaka kukhomo.

"Simenti sinapite ku Chimbiya. Ndikudziwa kumene ili. Nditsateni."

Abale, tchalitchi chinakhuthuka! Mabenchi kugwa, ana kulira, nkhalamba kuiwala ndodo. A Bonifasi anandiyang'ana diso loti likanakhala mpeni bwenzi pano mukudya nyemba za pamaliro anga. Ine ndinayang'ana kudenga. Tinazungulira kuseri, kumene kuli mpanda wa mikungudza, kumene sikupita munthu. Mayi uja anapatula nthambi. Pansi pa mpandawo, kutsetsereka mpaka kukalowa m'udzu, panali chithaphwi chouma, chofiira psuu, chokhuthala, ndi mchenga woyera m'mphepete mwake. Anatola kamtengo n'kupalapo, ufa wofiira n'kufuka.

"Simenti yanu nayi. Ndinaitulutsa ndine, ndi ndowa. Ndimaikwecha ndi mchenga ngati mapoto kuti iwale. Bambo a Pilira sanabe kanthu, ndipo dzulo anandiona, koma afuna afere ine."

Kenaka mayi wina wachikulire anadziguguda pachifuwa n'kunena kuti iyenso akanapatsidwa kiyi akanachita chimodzimodzi, nanga chinthu chikada umatani? Amayi ena anavomereza, ndipo wina anaulula kuti khonde la kwa mwana wake ku Dedza analimaliza yekha mwa njira yomweyo, n'kumanena womanga. Phokoso linabuka, ena kuseka, ena kugwira pakamwa, ena kukankhana kuti aone. Jesinta ndinamuona akubwerera cham'mbuyo kukabisala kuseri kwa amuna. A Godfrey ananjuta, anatapa ufa uja n'kuupekesa pa zala, anauyang'anitsitsa, kenaka anadzuka n'kuvula chipewa. Ananena mokweza kuti mpingo walakwira a Bonifasi, ndipo amene anawaona ku Chimbiya abwere kutsogolo anene tsiku lake. Palibe anabwera. Ine ndinaimba nthungululu mpaka kukhosi kuuma, ndipo amayi anandilandira.

Koma mwini dzina sankamva n'komwe. Anthu akuwagwira chanza, iwo ankangodutsa pakati pawo kulunjika kwa mkazi wawo, amene anali ataima yekha pampanda, mutu pansi, manja atawabisa m'chitenje. Kuno kwathu mwamuna wa msinkhu umenewo sagwira mkazi wake pagulu, koma iwo anawatulutsa manjawo n'kuwatembenuza. Ndinali pafupi, ndinaona. Nsonga za zala zinali zosupuka, zofiira ngati nyama, zikhadabo zitatha mpaka m'munsi, m'zikhatho muli ming'alu yakuda. Miyezi yonseyo akudyera mbale imodzi, mayiyu ankabisa, bamboyu ankalingalira za simenti. A Bonifasi anawagwirabe manjawo.

"Pansipo ndikonza sabata ino. Nanga manja awa ndiwatani, amake Pilira?"

Mayi uja sanayang'ane manja ake. Anayang'ana anthu amene anali atazungulira a Godfrey, kenaka anayang'ana mwamuna wake.

"Dzina lanu labwerera?"

"Labwerera."

"Basi. Awa apola okha."